Aphunzitsi, lawani kaye musanapakule

Usiku wathawu mng'ono wanga wandiimbira cha m'ma 11 koloko, mawu akunjenjemera. Ali chaka choyamba ku yunivesite, angoyamba kumene kuphunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pa kompyuta. Aphunzitsi awo anaponya ma link 12 pagulu la WhatsApp, amvekere "kaonereni, Lolemba kuli mayeso." Basi.

Iye watsegula vidiyo yoyamba, walemba print "Moni" ndendende momwe mwini vidiyo walembera. Kompyuta yangomuyankha SyntaxError, kutanthauza kuti kalembedwe kalakwika. Wabwereza kasanu, zomwezo. Mpaka kundiuza kuti mwina mutu wake si wa zimenezi. Nditaiona, vidiyo ija ndi ya Python 2, imene eni ake adasiya kuisamalira pa 1 Januwale 2020. Pa laputopu pake pali Python 3, yomwe imafuna print("Moni"). Mabulaketi awiri okhawo mwana wagona ndi misozi, bando yatha.

Ndakwiya zedi. Mphunzitsi, vidiyoyo munaionera inuyo? Munakhala pansi n'kulemba code imeneyo pa kompyuta yanu? Simunatero. Mukadatero mukadaziona pa mphindi yoyamba. Chinthu chimene simunachiyese musampatse mwana. Ngakhale kukhitchini munthu amalawa mchere asanapakule ndiwo, nanga inu mukupakulira kalasi yonse zosalawa bwanji? Kaya ndi kuchuluka kwa ntchito, kaya ndi ulesi, ine sizikundikhudza.

Ndiponso 12 yonseyo ya chiyani? Mapanga awiri avumbwitsa. Pa mapulogalamu olembera code, uyu akuti ikani PyCharm, uyo akuti VS Code, winanso Google Colab yomwe popanda intaneti siyenda. Mwana woti sanalembepo loop (code yobwereza chinthu kangapo) n'kamodzi komwe asankhe yekha? Sankhani chimodzi inuyo, muchiyese, mumpatse. Pulogalamu ya Thonny ilipo, yaulere, adaipangira ongoyamba ku University of Tartu ku Estonia, ndipo ukaiika imagwira ntchito popanda data. CS50, kosi ya pa intaneti ya ku yunivesite ya Harvard, ndi yabwino, sindikana, koma phunziro limodzi limatha pafupifupi maola awiri. Munawerengera kuti ndi bando ya ndalama zingati kwa mwana wodalira ngongole ya boma? Munaitsegulapo pa foni yotchipa, netiweki ikudukaduka? Yesani kaye, a lekichala, yesani kaye!

Ndiye za ku labu ndisanene. Makompyuta theka ndi akufa, ana anayi kuunjikana pa kiyibodi imodzi, wolemba m'modzi enawo kumangoyang'ana. Mayeso ake n'kudzalemba code papepala ndi bolopeni.