Abizinesi, pa nkhani ya luso musangoloza boma chala

Nyengo yokonza bajeti ikafika, nduna ya zachuma ikamazungulira kumva maganizo a anthu, zopempha za amalonda timazidziwa kale. A MCCCI, bungwe loimira amalonda ndi amafakitale, amanena za ndalama zakunja, magetsi, misonkho ndi chiwongoladzanja. A ECAM, bungwe la olemba anthu ntchito, amawonjezera nkhani ya malipiro. Kenako pamabwera dandaulo lija lakuti achinyamata otuluka m'sukulu alibe luso lomwe makampani akufuna.

Zoyambazo sindikutsutsa ayi. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, koma dola idapitirirabe kusowa m'mabanki. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko lidataya pafupifupi 130 megawatts kwa nthawi yopitirira chaka, ndipo wachigayo yemwe adagula jenereta angakuuzeni mmene dizilo amadyera phindu. Mabanki nawo amakonda kubwereketsa boma kusiyana ndi mwini fakitale yaing'ono ya ku Kanengo kapena ku Makata, poti boma silithawa. Pamenepa boma limve ndithu.

Koma pa luso, mabwana athu, mlandu muli nawo inunso.

Olemba ntchito amalipira msonkho wa TEVET, 1 peresenti ya malipiro a antchito awo, womwe bungwe la misonkho la MRA limatolera kuti upite ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999. Ambiri amaulipira ngati chindapusa cha pamsewu, akapatsidwa lisiti basi nkhani yatha. Ndi angati mwa inu adapitako ku Soche, Nasawa, Namitete, Salima kapena Mzuzu Technical College kukaona zipangizo zomwe ana akuphunzirira? Galimoto zadzaza m'misewumu, zochokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam, zambiri zimafuna kompyuta kuti upeze chomwe chavuta. Ngati mwana akuphunzirabe pa injini yakalekale, woyenera kukuwa koyamba ndi mwini galaja, chifukwa ndalama yomwe ikumuphunzitsayo ndi yake.

Nanga za attachment, nthawi ija wophunzira amakaphunzirira ntchito pakampani? Mnyamata wina wa kufupi ndi kwathu, wophunzira zamagetsi, adavutika kupeza malo mpaka kampani ina idamutenga. Ntchito yake inali kunyamula makwerero, kusesa ndi kugulira amisiri tchipisi masana. Tsiku lina atagwira testa, mmisiri wamkulu adamulanda, akuti uwononga zinthu za eni. Buku lolembamo zomwe waphunzira, bwana adalisainira tsiku lomaliza ali chiimire, osatsegula ngakhale tsamba limodzi. Bwana ngati ameneyu mawa lino avala suti kupita kumsonkhano kukadandaula kuti ana a masiku ano sadziwa ntchito.

Pitani ku Ndirande mukaone. Wowotcherera wopanda ofesi, yemwe chuma chake ndi makina amodzi ndi waya wothothoka, amamupatsa mnyamata chitsulo m'manja, amamukalipira, amamubwereza, mpaka mwanayo apange geti yekha. Amisiri ambiri omwe tikuwadalira adachokera m'manja otere, kungoti alibe pepala.

Ndiye ine ndikadakhala pampando wa MCCCI, zopempha zanga kuboma zikadakhala zotere. Kampani yotenga ana n'kuwaphunzitsa moona, osati kuwatuma tchipisi, ichotseredweko msonkho, ndipo pakhale woyendera kuti aone ngati mwanayo wagwiradi zipangizo. TEVETA izifotokoza poyera chaka chilichonse, m'chinenero choti ngakhale mwini galaja amve, komwe ndalama ya 1 peresenti ija yapita. Amisiri ophunzirira m'misika aziyesedwa mayeso pamtengo wotsika n'kulandira mapepala, kuti nawo azipikisana pa ntchito za boma. Masomphenya a Malawi 2063 amakamba za mafakitale, koma makina a fakitale akawonongeka pamafunika munthu wowakonza.

Chinanso chomwe simukonda kumva ndi malipiro. Mwana akadziwa ntchito, inu n'kumamupatsabe ndalama yosakwana lendi ndi thumba la chimanga, amakatenga pasipoti n'kukwera basi pa Wenela kupita ku Joni. Kumeneko akuika matailosi ndi kuwotcherera mageti a anthu ena, ataphunzira ndi msonkho womwe mudalipira inu.