Njinga yamoto siifunsa kuti unabadwa liti

Anzathu okonda njinga zamoto amapsa mtima ukanena kuti wongoyamba kumene asamaloledwe kukwera njinga yamphamvu kwambiri. Amati ndalama ndi zanga, khosi ndi langa, boma likulowererapo chiyani? Ine lamuloli ndikugwirizana nalo. Chondivuta n'choti mayiko ambiri amayang'ana tsiku lobadwa la munthu m'malo moyang'ana zimene manja ake akudziwa.

Taonani mmene zilili ku Ulaya kuyambira mu Januwale 2013. Laisensi ya A1 ndi ya njinga zosapitirira 125cc (cc ndi muyezo wa kukula kwa injini), zamphamvu yosaposa 11 kW (kW ndi muyezo wa mphamvu ya injini). Pamwamba pake pali A2, imene imalekeza pa 35 kW. Kenako pali A, yopanda malire. Ku Britain A1 amapatsa wazaka 17, A2 wazaka 19, ndipo A umaipeza uli ndi zaka 21 ngati wakhala ndi A2 zaka ziwiri n'kukhozanso mayeso ena. Mpaka apa palibe vuto. Koma munthu wazaka 24 amaloledwa kudumpha makwerero onsewa. Akangokhoza mayeso lero, mawa akhoza kukagula njinga yaliwiro ya 1000cc, imene mphamvu yake ndi kuwirikiza kanayi ya A2.

Ndiye tandiuzani. Mnyamata wazaka 20 amene wakhala akukwera tsiku ndi tsiku kwa zaka zitatu, pamvula ndi padzuwa, ndi bambo wazaka 40 amene wagwira mahandulo koyamba mwezi watha, woopsa ndani? Sindikukana, munthu akamakula mtima umakhala m'malo, phuma limachepa. Koma kudekha sikuphunzitsa zala kugwira buleki.

Galimoto ikatulukira mwadzidzidzi pamphambano, dzanja la munthu wosazolowera limafinya buleki yakutsogolo ndi mphamvu zonse nthawi imodzi. Tayala limasiya kuzungulira, limatsetsereka, munthu uja n'kupezeka ali pansi. Wozolowera amayamba wagwira pang'ono kuti kulemera kwa njinga kutsikire kutsogolo, tayala ligwire tara bwinobwino, kenako n'kumawonjezera. Zonsezi zimachitika sekondi isanathe. Pakona napo, wamantha amangoti maso dwii pamtengo umene akuuopa, ndipo njinga imalowera kumene maso ali. Luso limeneli silibwera ndi imvi ayi.

A ku France anachiona chimenechi. Kuyambira 2016, aliyense woyamba kumene, kaya ndi wazaka 18 kaya 50, sangapitirire A2 mpaka patatha zaka ziwiri, ndipo asanapatsidwe A amakachita maphunziro a maola 7. Ku Australia ndi ku New Zealand wophunzira amakwera njinga yosapitirira 660cc, komanso mphamvu yake isapose 150 kW pa tani iliyonse ya kulemera. Apa anaganiza bwino, chifukwa kukula kwa injini pakokha kumanamiza. Panali tinjinga tina ta 250cc topangidwa ngati ta mpikisano timene tinkasiya njinga zazikulu kumbuyo, ndipo malamulowa amatikana.

Ngakhale njira ya ku France ili ndi pobowoka pake. Zaka ziwiri zimene amanenazo ndi za pakalendala. Laisensi ikhoza kugona m'kachikwama zaka ziwiri mwiniwake asanalizeko injini, tsikulo likakwana n'kuoneka ngati katswiri. Ndingakonde kuti pokwera kuchoka pa A2 kupita pa A, woyesa azimutsatira munthu pamsewu weniweni, panjinga yaikulu imene akuifunayo, ndipo wolephera azibwezedwa.

Kwa amene mumati 35 kW ndi chidole, Honda CB500F inapangidwa ndi mphamvu yomweyo ndendende, koma imadutsa 150 km pa ola osavutika. Pa 100 km pa ola, sekondi imodzi yokha yoti ungoyang'ana pagalasi umakhala wayenda mamita 28. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti uime umawirikiza kanayi. Choncho njinga "yochepetsedwa" ija ili ndi liwiro lokwanira kupha munthu. Chimene malire amachita n'kupatsa wophunzira mpata woti akapotokola mafuta mopitirira muyezo, njinga isamuthawe nthawi yomweyo.

N'chifukwa chake mayeso ndi amene ndimawaona ofunika kuposa manambala onsewa. Ku Britain gawo loyamba limachitikira pabwalo. Umazungulira timakoni, umakhota mwapang'onopang'ono osaponda pansi, kenako umathamanga 50 km pa ola n'kuima mwadzidzidzi, n'kubweranso pa liwiro lomwelo kudzazinda chopinga. Ambiri amadandaula nalo gawo lozindali, koma ndi lomwe limafanana ndi tsiku limene chitseko cha galimoto chidzatseguke patsogolo pako.

Chodabwitsa n'choti dziko lomweli lili ndi CBT, maphunziro oyambirira amene anayamba mu 1990 ndipo nthawi zambiri amatha tsiku limodzi. Ukawachita umakwera 125cc wekha pamsewu kwa zaka ziwiri, utamata chilembo cha L. Zikatha umangokachitanso, n'kuchitanso, osalembako mayeso enieni. Pamenepa ndikanakonda aziloleza kubwereza kamodzi kokha, kachitatu munthu akakumane ndi woyesa.