"Ndili bwino" si yankho loyenera kwa dokotala wa khansa

Maganizo anga ndi akuti chizolowezi chathu choyankha kuti "ndili bwino, kaya inu" ngakhale thupi likuphwanya, n'chabwino pokumana panjira, koma chingathe kumupweteka munthu amene wapezeka ndi khansa ya m'mapapo. Asanasankhe chithandizo, madokotala sayang'ana chotupa chokha, amafunanso kudziwa ngati thupi lingapirire chithandizocho, ndipo mbali yaikulu ya yankho imachokera pakamwa pa wodwalayo.

Pali muyeso wa mphamvu za wodwala wotchedwa ECOG umene madokotala a khansa amagwiritsa ntchito m'mayiko ambiri. Amene akugwira ntchito zake monga kale amapatsidwa 0, ndipo amene akutha ntchito zopepuka zokha amapatsidwa 1. Amene akudzisamalira yekha koma ntchito yamukanika ali pa 2, amene amagona kapena kukhala pansi nthawi yoposa theka la maola amene ali maso ali pa 3, pomwe 4 ndi munthu wosadzuka n'komwe. Kawirikawiri chemotherapy (mankhwala opha maselo a khansa) yamphamvu amaipereka kwa anthu a 0 ndi 1, pa 2 amayamba aganiza kaye mofatsa, ndipo pa 3 ndi 4 mankhwalawo angathe kufooketsa munthu koposa mmene angamuthandizire.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti palibe makina oyezera nambala imeneyi. Wodwala amafika atasamba, atavala malaya ake a kutchalitchi, atanyamulidwa pa galimoto mpaka pakhomo, n'kudzilimbitsa kwa mphindi zochepa zimene ali pamaso pa dokotala, ndipo dokotalayo amaona munthu wa 1. Wodikirira wodwala amene wakhala pambali akudziwa kuti bambowa anasiya kugwira khasu kalekale, ndipo akapita kubafa amabwerako ali wefuwefu, koma amakhala chete chifukwa kutsutsa munthu wamkulu pamaso pa mlendo n'kupanda ulemu. Ena amabisa dala poopa kuti akanena zoona amanidwa mankhwala. Mantha amenewo ndimawamvetsa, komabe mankhwala operekedwa kwa thupi lotheratu amabweza munthu kuchipatala magazi atachepa ndiponso atagwidwa ndi matenda ena.

Palinso amene amalakwitsa mbali inayo, ponena kuti "ndakalamba, ndisiyeni" pamene akupalasabe njinga kupita kumsika. Zaka zokha si muyeso wa mphamvu.

Pa opaleshoni zinthu n'zooneka bwinoko, chifukwa pali zoyeza. Phapo la kumanja lili ndi zigawo zitatu, la kumanzere ziwiri, ndipo asanachotse chigawo chimodzi madokotala amawerengera mpweya umene udzatsale. Wodwala amauzira mwamphamvu m'kamakina, nthawi zina amamuyendetsa kapena kumukweza masitepe, ndipo amene wakwera masitepe mamita oposa 22 kupita m'mwamba osaima amaonedwa kuti chiopsezo chake n'chochepa. Apa m'pamene mbiri ya munthu imafunika yonse: fodya amene anasuta, TB imene anachira koma inasiya zipsera m'mapapo, ndiponso fumbi la m'migodi kwa amene anagwirako ntchito ku Johannesburg.

N'chifukwa chake ndikupempha madokotala kuti asiye kufunsa "muli bwanji" n'kulekera pomwepo, koma afunse kuti dzulo wodwalayo anadzuka nthawi yanji, anasamba yekha kapena anamusambitsa, anayenda kukafika pati, ndipo akatero atembenukire kwa wodikirira uja n'kumufunsanso mafunso omwewo.