Hokkaido, dzina lomwe anachotsamo eni ake

Dzulo usiku ndinangokhala ndikuyang'ana mapu a Hokkaido pa foni mpaka batire kutha, chilumba chija chakumpoto kwenikweni pa zilumba zinayi zikuluzikulu za Japan, kozizira koopsa, ndipo kuchokera ku Honshu, chilumba chachikulu kwambiri cha Japan, sitima imadutsa pansi pa nyanja mu Seikan Tunnel yomwe anatsegula mu 1988. Koma chandigwira mtima ine ndi maina abale.

Dzina loti Hokkaido si lakale ayi, linabwera mu 1869. Kale a Japan ankangoti Ezo, pomwe eni nthaka, a Ainu, ankati Ainu Mosir, dziko la anthu. Matsuura Takeshiro, munthu yemwe anayenda chilumbachi kangapo a Ainu akumulondolera njira, anapereka maina 6 ku boma ndipo limodzi linali Hokkaido, iye "kai" wapakatiyo ankatanthauza anthu obadwira m'dzikomo monga anamvera kwa a Ainu. Boma linalitenga dzinalo koma linasintha chilembo cha chi Japanizi cholembera kai, kuti kai uja atanthauze nyanja, basi njira ya kunyanja yakumpoto. Kumveka chimodzimodzi koma anthu aja awafufutamo. Chaka chotsatira Matsuura anatula pansi udindo wake m'boma chifukwa cha nkhanza zomwe a Ainu ankachitiridwa, ine munthu ameneyu ndimamupatsa ulemu.

Ndiye taonani mapuwo bwinobwino. Sapporo akuti ndi sat poro pet, mtsinje waukulu wouma. Wakkanai ndi yam wakka nay, kamtsinje ka madzi ozizira. Shiretoko ndi sir etok, pothera dziko, ndipo zoonadi ndi kamtunda kosongoka kolowa m'nyanja. Paliponse mukaona dzina lothera ndi betsu kapena nai, dziwani pali madzi, anthuwa ankatchula malo malinga ndi momwe alili, osati dzina la bwana. Ife tinabweza Fort Johnston kukhala Mangochi, Port Herald kukhala Nsanje, chilankhulo tikadali nacho. Kwa iwo maina atsala koma olankhula chi Ainu bwinobwino ndi owerengeka pa zala, lamulo la 1899 linawakankhira ku ulimi ndi masukulu ophunzitsa mu chi Japanizi, ndipo lamulo lowavomereza kuti ndi eni nthaka langobwera mu 2019.

Zimandiwawa kuti mwana angakulire ku Wakkanai, kumwa madzi akonko tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti wakka pa chikwangwani cha siteshoni ndi madzi omwewo. Ine ndikanakonda chikwangwani chilichonse chilembedwe dzina la chi Ainu ndi tanthauzo lake pansi pake, ngakhale pa basi sitepe ya m'mudzi.