Mzukwa sundiopsa, chimandiopsa ndi chinsinsi

Makolo anzanga, ambiri a ife tikapeza mwana wamkazi akuwerenga buku la mtsikana wa sekondale amene wagwa m'chikondi ndi mzukwa, timangoti ndi za satana. Buku timalanda, ena mpaka kuitana abusa kuti adzapemphere m'nyumba. Ine ndikuona kuti tikuopa zosayenera kuopa, pomwe choopsa chenicheni tikuchidutsa osachiona.

Mabuku amenewa kwawo ndi ku America, ndipo sukulu zake ndi za komweko. Ena mwa otchuka ndi a The Mediator, olembedwa ndi Meg Cabot, omwe loyamba lake linatuluka mu 2000. Suze Simon, mtsikana wa zaka 16, wasamuka ku New York kupita ku Carmel, ku California, chifukwa mayi ake akwatiwanso. Iye amaona akufa, amayankhula nawo, ndipo amawathandiza kumaliza zimene anasiya zili pakati kuti akapume. Sukulu yake ndi ya Akatolika, ndipo wansembe amene amaiyendetsa, Father Dominic, nayenso amaona akufa.

Mbali imeneyi ndimaikonda ndi mtima wanga wonse. Bambo ake a Suze omubereka anamwalira iye ali wamng'ono, koma amabwerabe kudzamuona. Taganizani mwana wamasiye wa Fomu 2 akuwerenga zimenezi. Kwathu kuno maliro akachitika ana timawatumiza kwa aneba, ndipo manda akangotsekedwa palibe amene amakhala nawo pansi n'kuwafunsa mmene akumvera. Buku lotere limamupatsa mwanayo malo olira, ndi chilolezo choganiza zimene akanawauza bambo ake akanabwera usiku umodzi. Komanso ife amene timalota malemu n'kudzuka tikufotokozera abale m'mawa, sitiyenera kudabwa ndi nkhani yoti akufa ali ndi mawu otsala.

Koma tsopano tilowe m'chipinda chogona cha Suze. Mmenemo mumakhala mzukwa wa mnyamata, Jesse de Silva, amene anaphedwa m'chipinda chomwecho mu 1850, nyumbayo ili malo ogona alendo. Nkhope ndi ya mnyamata ndithu, koma wakhala akuyendayenda mmenemo zaka 150. Mtsikana akabwera kuchokera kusukulu amamupeza. Akalira usiku, iye alipo. Mayi ake akagogoda pachitseko n'kulowa, amangoona mwana wawo ali yekha, pomwe pawindo pakhala mwamuna.

Kunena chilungamo, wolemba anamupanga Jesse kukhala waulemu ndi wodzigwira, ndipo amamuteteza Suze m'mavuto ambiri. Komatu ulemu umenewo ndi umene umachititsa kuti zonsezi zioneke zabwinobwino. Mtsikana wowerenga amazolowera pang'onopang'ono kuti amene amamumvetsa kuposa anyamata a m'kalasi, kuposa mayi ake, ndi mwamuna amene waona zambiri za m'dziko, amene makolo sangamuone komanso sayenera kumudziwa. Chinsinsicho chimasanduka chizindikiro choti chikondicho n'chozama.

Ku Carmel mwamuna ameneyo ndi mzukwa. Ku Ndirande kapena ku Area 25 ndi munthu wamoyo, wa galimoto, amene amaima patali ndi geti ya sukulu. Amagula bandulo, amatumiza ya sopo pafoni, ndipo mawu ake ndi omwewo nthawi zonse: iwe ndiwe wokhwima nzeru kuposa anzako, koma usawauze amayi, sangamvetse. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangakwatiwe. Lamulo lilipo, koma silingalowe m'mutu mwa mtsikana kukamuuza kuti chibwenzi chobisa sichokoma monga mmene chimamvekera m'buku. Ntchito imeneyo ndi yathu.

N'chifukwa chake kulanda buku ndimakukana. Mukalanda la pepala, mawa awerenga nkhani ya mtundu womwewo pa Wattpad, tsamba la nkhani la pa intaneti, atafunda bulangete mpaka kumutu, kuwala kwa foni kukuonekera m'mphepete. Ndiye kuti inuyo mwamuphunzitsa kubisa, chinthu chomwecho chimene tikuchiopa.

Lipempheni bukulo, muwerenge ngakhale mitu iwiri kapena itatu. Chingerezi chake n'chosavuta, ndipo mwana amene akumaliza buku lonse payekha, popanda mphunzitsi womukakamiza, ndi woyenera kumuyamikira. Mukamaliza, mucheze naye muli kusankha nyemba kapena kuchapa, osati momuzenga mlandu. Mufunseni mzukwa umene wamumvetsa chisoni kwambiri, mwina pomwepo atchula agogo kapena bambo ake amene simunakambiranepo za iwo. Kenako mumufunse kuti Suze akanawauza mayi ake za Jesse tsiku loyamba lomwelo, akuganiza kuti chikanachitika n'chiyani, ndipo iyeyo akanakhala Suze, akanakuuzani kapena ayi.