Makompyuta akale aja apatseni ophunzira

Maganizo anga ndi akuti koleji iliyonse imene inalandira makompyuta akale n'kungowaunjika m'stolo iwatulutse, iwapatse ophunzira awalumikize pamodzi kuti azigwira ntchito ngati makina amodzi. Akatswiri amati cluster.

Zimenezi sizachilendo ayi. Mu 1994 Thomas Sterling ndi Donald Becker analumikiza makompyuta wamba 16 ku NASA, bungwe la ku America lofufuza zakuthambo, n'kuikamo pulogalamu yoyendetsa kompyuta yotchedwa Linux, makinawo n'kuwatcha Beowulf. Koma amene amandisangalatsa ine ndi Forrest Hoffman ndi William Hargrove a ku Oak Ridge National Laboratory ku Tennessee. Atamanidwa ndalama zogulira makina atsopano, mu 1997 anayamba kutolera makompyuta amene anzawo ankafuna kutaya m'maofesi. Pang'onopang'ono anapitirira 100, ndipo anawagwiritsa ntchito kupanga mapu ogawa madera a dziko la America potengera dothi ndi nyengo. Kompyuta ina ikafa, ankangochotsamo ziwalo zabwino n'kukonzera inzake.

Zofunika si zambiri: switch (kabokosi kolumikizira makompyuta onse pamodzi), mawaya a netiweki, Linux yomwe ndi yaulere, ndi pulogalamu yothandiza makompyutawo kutumizirana mauthenga monga Open MPI. Kompyuta imodzi imakhala kapitawo, imaduladula ntchito yaikulu n'kugawira zinzake, kenako imasonkhanitsa mayankho.

Ndikudziwa ena muyankha kuti laputopu imodzi yatsopano ikhoza kuwaposa onsewo liwiro. Zoona. Mayunitsi a magetsi amadyanso koopsa, ndiye palibe chifukwa chowasiya oyaka usiku wonse. Koma ine sindikunena za liwiro. Mu labu yatsopano wophunzira amangomva "musagwire", "musachotse waya", mpaka kumaliza maphunziro asanatsegulepo kompyuta kuona m'kati mwake. Pa makina akalewa akhoza kusokoneza zonse Lolemba, n'kutha sabata yathunthu akufufuza chomwe kompyuta yachitatu yasiyira kulankhulana ndi zinzake, popanda womuopseza kuti alipira. Anthu oyendetsa ma server (makompyuta akuluakulu otumikira anzake) m'mabanki ndi m'makampani a mafoni amafunika luso lomwelo.

Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo makompyuta ambiri akale sangalandire Windows 11, choncho otayidwa achuluka. Akabwera nawo opereka thandizo, akuluakulu a makoleji, chonde apempheninso switch ndi mawaya, ndipo kiyi wa chipinda cha makompyutawo asungidwe ndi ophunzira.