Chenjezo kwa inu amene mukumata tepi pa dashibodi

Ana anga, madalaivala ndi eni magalimoto, tamverani kuno. Pali khalidwe lina limene lafala ndipo ine likundinyansa. Nyale ikayaka pa dashibodi, m'malo mofufuza kuti yayakiranji, munthu akumatapo tepi yakuda, kapena kuuza makaniko kuti azule kababu kake. Akatero ati vuto latha. Latha kupita kuti? Galimoto mwangoitseka pakamwa, matenda ali momwemo.

Akulu amati chakudza sichiyimba ng'oma, koma cha galimoto chimayimba ndithu, ogontha ndinu. Nyale yachikasu imatanthauza kuti pitani nayo kugalaja musanachedwe. Yofiira imatanthauza kuti imani. Makamaka ija yojambulidwa kachitini kodontha, ya oyilo, ambiri mumaimva molakwa. Mumati, "Oyilo wangochepa, ndikathira ndikafika." Ayi. Nyale imeneyo ikayaka ndiye kuti oyilo sakukankhidwa ndi mphamvu yokwanira kuti afike m'zitsulo zimene zikuzungulira kambirimbiri mkati mwa injini. Mwina watayika, mwina pampu yake yafa. Zitsulo zikayamba kukhulana zouma, m'mphindi zochepa chabe injini yanoka, ndipo kuikonza kwake mudzakumbukira agogo anu. Patukani, zimitsani injini, dikirani pang'ono, kenaka sololani dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo kaja, muone. Ngati oyilo alimo wokwanira koma nyale sikuzima, galimotoyo ikokedwe, isayende yokha.

Injini ikatentha mpaka singano kufika pofiira, ena mumathamangira kutsegula chivundikiro cha lediyeta. Madzi a mmenemo amakhala opanikizika, otentha kupitirira madigiri 100, ndipo mukangopotokola chivundikirocho amakutumphukirani kumaso. Dikirani izizire kaye.

Koma chimene chimandiwawa mtima kwambiri ndi nkhani ya lamba. Kabelu kakulira kuti mangani lamba, inu mukumudutsitsa kumbuyo kwa msana, n'kumumanga pampando, n'kumukhalira, cholinga kabeluko katonthole. Mukupusitsa yani? Lamba wogwira paphewa ndi m'chiuno ameneyu anamupanga Nils Bohlin wa kampani ya Volvo mu 1959, ndipo kampaniyo inalola opanga magalimoto ena onse kuti azimuika m'magalimoto awo osalipira kanthu, poona kuti ndi nkhani ya moyo wa anthu. Eni ake anapereka mwaulere, inu mwamusandutsa chokhalira. Musadzinamizenso kuti muli ndi eyabagi, thumba la mpweya lija lofufuma galimoto ikagunda. Thumba limenelo analipanga kuti lizithandizana ndi lamba. Limafufuma m'kuphethira kwa diso, pa liwiro lotha kufika makilomita 300 pa ola, ndipo munthu wosamanga lamba limakumana naye atagwera kale kutsogolo n'kumumenya kumaso ndi pachifuwa. Za kunyamula mwana pamiyendo kumpando wakutsogolo ndiye musayese n'komwe. Galimoto ikagunda, palibe mayi amene manja ake angathe kumugwira mwanayo.

Fyuzi nayo mwaipeputsa. Ikapsa mukulumikizapo kawaya, kapena kuikapo yaikulu kuposa imene inalipo. Fyuzi imapsa dala kuti mawaya asapse. Pamene panali yolembedwa 10 bwezeranipo ya 10, ndipo ikapsanso funani pamene mawaya akukhudzana, moto usanayambire pansi pa dashibodi.

Mabuleki akayamba kulira kuti tswii, inu mumakweza wailesi. Pa mapadi ambiri a mabuleki pamakhala kachitsulo kamene anakaika kuti kazikanda disiki mapadiwo akatsala pang'ono kutha. Mukanyozera, chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake, mugule ndi disiki yomwe. Ndiye pali anzeru zoposa amene pamtsetse amaika giya pa nyutulo, ena mpaka kuzimitsa injini, ati kupulumutsa petulo. Injini ikazima, chothandizira mabuleki chimatha mphamvu mukaponda kangapo, pedulo imauma gwa, chiwongolero nacho chimalemera. Pamtsetse wautali tsikani ndi giya yaing'ono, injini izithandiza kugwira galimoto, chifukwa mabuleki opondedwa kosalekeza amatentha n'kusiya kugwira.

Matayala anu ndawaona, ena osalala ngati sanakhalepo ndi mizere. M'mayiko ambiri lamulo limati mizere isachepere mamilimita 1.6, ndipo mkati mwa mizeremo muli timizere topingasa tosonyeza malire amenewo. Tayala likafanana nato, latha, ndipo pamsewu wonyowa lizingoyandama pamadzi. Pogula lakale, yang'anani manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT m'mbali mwake: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Labala amakalamba ndi kung'aluka ngakhale mizere ikuoneka yakuya. Mpweya muziyeza matayala ali ozizira, motsatira mlingo wolembedwa pakapepala ka pachitseko cha dalaivala. Kumenya tayala ndi nsapato sikuyeza mpweya.